Kagalimoto ka Anthu Awiri

Loweruka lina la Ogasiti mu 2006, Enifa, namwino wa m'wodi ya okalamba, anakokera mwamuna wake, a Dixon, ku Bilston, pabwalo logulitsirapo galimoto zakale zogonamo, zija zokhala ndi bedi, sinki ndi kachitofu mkati. Iye ankafuna chinthu chimodzi basi, kagalimoto ka anthu awiri koti kawathawitse kwa masiku anayi kunyumba kwawo ku Sparkhill, ku Mangalande, komwe kwa chaka ndi miyezi iwiri alendo anali asanathepo. Koma a Dixon, munthu woyeza makapeti m'nyumba za anthu, anafika ndi tepi m'manja, pensulo pakhutu ndi kakope m'thumba.

"Ndi aka," anatero Enifa, akumenya kagalimoto kobiriwira m'nthiti. "Eni ake amati kampavani. Tatha. Tiyeni tikamuitane Mzungu wogulitsa uja."

"Sitinayeze."

"Muyeza chiyani? Galimoto ndi kapeti?"

A Dixon analowetsa mutu mkati, tepi ija kwee, kuchokera khoma ili kukafika khoma ilo. Ananyowetsa pensulo palilime n'kulemba.

"Bedi lake ndi mita imodzi ndi masentimita khumi."

"Ee, ndaona."

"Anthu awiri sangagonepo popanda kukhudzana."

"Ee, bambo, ndaona."

"Ndiye vuto ndi limenelo. Tiyeni uko."

Uko kumene analoza kunali kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mpanda. Kumeneko kunaima chigalimoto choyera chimene chinasiya kale kuyera, chachitali, chokhala ndi chipumi pamwamba pa dalaivala, ndere zitamera m'mbali mwa mazenera. A Dixon anachiyandikira mwaulemu, manja kumbuyo.

"Motahomu," anatero. "Mumagona anthu asanu ndi mmodzi."

Asanu ndi mmodzi! Enifa anawerenga m'mutu anthu a m'nyumba mwake, ndipo anakwana ndendende. Chipinda chaching'ono munali Annet ndi Helen, anamwino atsopano amene abusa anawapemphera malo a sabata ziwiri zokha mu Novembala chaka chatha. Pabalaza pankagona Rapson, msuweni wa a Dixon, amene anamaliza sukulu ku Selly Oak ndipo ntchito inali ikumuzembabe. Chipinda chachikulu munali azakhali awo a Dixon, a Esnath, amene anabwera pa Isitala kudzaona chimene chikuchedwetsa mwana m'banjamo. Atangofika anakhazikitsa lamulo la nyumba ya anthu ambiri, akazi kumwamba, amuna pansi. Kuyambira tsikulo Enifa ankagona kukhoma, azakhali mbali ya a Dixon, a Dixonwo pasofa. Ndipo mwezi uliwonse azakhali ankamuyang'ana pamimba n'kufunsa modandaula kuti, "Palibebe kanthu?"

Koma abale, mkazi woleredwa bwino angaime pabwalo la eni n'kunena kuti watopa ndi alendo? Sizimveka zimenezo. Choncho Enifa anabwera ndi zifukwa zina zokulunga bwino, ndipo anayamba kuzimasula chimodzichimodzi.

"Chimenechi mafuta chimachita kumwa."

"Sichimwa."

"Chigalimoto chonsechi?"

"Ngakhale dontho. Ndinafunsa kale pafoni."

"Ndiye chimayendera chiyani, mapemphero?"

"Za mafuta chotsani mumtima, mayi."

Enifa anachizungulira, n'kuponda tayala ndi nsapato yake ya kuntchito. Phazi linamira.

"Taonani, tayala ili laphwa."

"Aphwa atatu. Awiri ali mbali inayo."

"Ndipo mukunena mosekerera?"

"Njerwa zilipo. Rapson anaona mulu kuseri kwa tchalitchi."

"Njerwa tichita nazo chiyani?"

"Kuti chikhazikike, chisamagwedezeke."

"A Dixon, kuno si ku Ndirande koika mwala kuseri kwa tayala minibasi ikaima pachitunda. Kuno apolisi amanga munthu."

"Sangatimange. Ndinawerenga malamulo ake."

"Chabwino. Nanga laisensi? Anzanga kuntchito anandiuza kuti galimoto yoposa matani atatu ndi theka imafuna laisensi ina. Yanuyo siyilola."

"N'zoona."

"Mwavomera?"

"Ndavomera. Ichi ndi matani anayi."

"Ndiye ayendetsa ndani?"

"Mzungu wati achibweretsa yekha mpaka pakhomo, Lachitatu."

"Akachibweretsa, kenako?"

"Kenako basi. Anthu alowe."

"Anthu!"

"Ee, anthu. Nanga mabedi onsewa ndi a nkhuku?"

A Dixon anakoka chitseko, chinalira, n'kukwera. Enifa anawatsatira chifukwa panalibe kuchitira mwina. Mkati munkanunkha chinyontho ndi agalu a anthu ena. Iye anagwira mphuno, koma a Dixon anapuma mpweya wonsewo mokhutira, n'kutsegula kakope kaja.

"Pamwamba apa, pachipumi, Annet ndi Helen. Akadali atsikana, makwerero sangawavute."

"Annet ndi Helen."

"Tebulo ili limatsika n'kusanduka bedi. Apa Rapson. Mapazi ake azituluka masentimita asanu, koma anazolowera."

"Rapsonso."

"Kumbuyo uko, bedi lalikulu, azakhali. Chimbudzi chili pafupi, chifukwa cha mawondo aja."

"Azakhali mwawauza kale?"

"Dzulo. Akondwa kwambiri. Angopempha kuti tiwaikire kalendala yawo ya Mvano pakhoma."

Enifa anakhala pakampando ka tebulo lija. Livi ya masiku anayi ya kuntchito imeneyi anaivutikira. Anasinthana mashifiti ndi anthu atatu, anagwira mawikendi anayi otsatizana, anasekerera sisita wa wodi mpaka masaya kuwawa, zonsezo kuti Lachinayi anyamuke, Lachisanu, tsiku lokwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi ali m'banja, adzuke kwina kumene palibe womufunsa kumene kuli shuga. Tsopano ankaona ulendo wonsewo m'maso mwake, azakhali akutsogolera korasi, Rapson akufunsa ngati afika, iye akutsuka mapoto a anthu asanu ndi mmodzi m'kasinki kosakwana ndi mbale ziwiri.

"Bambo, kakang'ono kaja n'kosavuta kupaka."

"Ichi tipaka kamodzi basi."

"Kaja n'kokongola."

"Kukongola sikugoneka anthu."

"Kaja kali ndi denga lokwezeka."

"Ichi denga lake ndi lokwezeka kale."

"Ine ndakonda kobiriwira!"

"Penti ilipo, mayi. Tichipaka chobiriwira."

"Ambuye, ndigwireni dzanja!"

"Mukumva chizungulire? Ndi fungoli. Likatha sabata limachoka."

Enifa anapuma katatu, monga momwe amauzira odwala ake. Kenaka anafunsa motsitsa mawu.

"Chabwino. Annet ndi Helen pamwamba. Rapson patebulo. Azakhali kumbuyo. Nanga ife tigona pati?"

A Dixon anayang'ana m'kakope, anatembenuza tsamba, n'kubwereranso.

"Muno mulibe malo athu."

"Mwati bwanji?"

"Ndayeza. Azakhali amagona chopingasa, bedi la awiri limathera iwo okha. Inu mukudziwa bwino kuposa ine."

Apa ndiye ulemu wonse umene amayi ake anamuphunzitsa ku Chilomoni unatuluka pazenera. Enifa anaimirira, mutu n'kugunda kabati, osamva n'kuwawa komwe.

"A Dixon, tandimverani, ndipo musalembe! Ine sindikufuna motahomu. Sindikufuna Annet, sindikufuna Helen, sindikufuna mapazi a Rapson. Azakhali ndimawakonda, Mulungu akuona, koma ndatopa kugona nawo! Ndikukusowani inuyo."

"Ndili pano."

"Muli pano! Timakumana pamasitepe, ine ndikutsika inu mukukwera, 'Mwadzuka bwanji, ndadzuka bwino kaya inu,' ngati anthu a lendi. Ndi liti munandiona nditavula duku? Azakhali akundifunsa za mwana mwezi uliwonse. Mwanayo abwera bwanji, pa positi? Ndimalira ku bafa, a Dixon, ndipo ngakhale kumeneko wina amagogoda. Ndinkafuna masiku anayi okha. Ine ndi inu, kagalimoto kaja, tipite ku Barmouth kumene anzanga amapita, titseke chitseko, foni tizimitse. Ndi zambiri zimenezo?"

A Dixon anachotsa pensulo pakhutu, n'kuibwezeranso.

"Barmouth ndi kuti?"

"Ku Wales! Kunyanja!"

"Ndi ichi?"

"Ndi kaja! Koma inu mwati ichi, ndi mpingo wonse mkati!"

"Mayi, ichi sichingafike ngakhale pageti apo."

"Chifukwa?"

"Mulibe injini."

Anatsika, anapita kutsogolo, n'kutsegula boneti. Enifa anasuzumira. Munalibedi kanthu, koma mawaya olendewera, masamba ouma ndi mpira wa tenisi.

"Anaigulitsa payokha chaka chatha," anatero a Dixon monyadira. "N'chifukwa chake ndachisankha. Chinthu chopanda injini sichibedwa."

"Ndiye mukugula chiyani, a Dixon?"

"Boyizikota."

"Chiyani?"

"Boyizikota, mayi. Kwathu nyumba ikadzaza, alendo amagona kuti? Si kuseri? Ndinapempha landilodi kuti timange kachipinda, anakana. Ndinamufunsa ngati tingaimike galimoto paja ankaimikapo vani yake, anati galimoto si nyumba, imikani. Paja ndi mamita asanu ndi awiri. Ichi chikuchepa ndi masentimita makumi awiri. Chingwe cha magetsi tidutsitsa pazenera la kukhitchini."

"Koma ine ndinati..."

"Zimene munanena ndinalemba." Anatembenuza masamba. "Lamulungu, pa 16 Julayi, tikuchokera kutchalitchi. 'Nyumba ino yadzaza, sindingathenso. Tigule galimoto zija zogonamo.' Za Wales palibe apa."

"Ndinkafuna kuti ikhale sapulaizi."

"Inenso."

Anayang'anana. A Dixon anakanda kumbuyo kwa khosi, maso ali pansi, ndipo mawu awo anatsika.

"Mukuganiza kuti ine pasofa paja ndimagona? Msana unatha. Ndimamva mapazi anu pamwamba mukamakonzekera shifiti, ndimadziwa kuti awa ndi anu, awa ndi a Helen. Bedi lija ndinasankha ndine, ndinalinyamula ndekha pamasitepe. Ndikulifuna, mayi. Ndi inu momwemo."

Ha! Zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo munthuyu anali asanalankhulepo mawu ochuluka chotere opanda sentimita mkati. Misozi inalengeza m'maso mwa Enifa. Anatembenuka n'kuyang'ananso chigalimoto chija, ndipo ndithu chinali chitasintha. Ndere zija zinaoneka ngati zokongoletsa. Matayala akuphwa aja anamusangalatsa kwambiri, chifukwa chinthu chotere chikakhala kuseri kwa nyumba sichidzabwereranso.

"Ndiye kuti onse anayi muno?"

"Onse."

"Ife m'nyumba?"

"M'chipinda chathu."

"Chitseko cha kukhitchini chimakiyika?"

"Ndinagula loko watsopano."

"A Dixon," anatero Enifa, akusisita chigalimoto chija pamene panali dzimbiri, "kodi palibe china chachikulu kuposa ichi?"

"Chilipo, koma chikupitirira ndi theka la mita."

"Iii, basi, ichi chomwechi. Fungoli si loipanso kwenikweni."

"Ndinadziwa kuti mugwirizana nazo. Abusanso anati ndi nzeru zochokera kumwamba."

Dzanja la Enifa linaima.

"Abusa alowa pati?"

"Ndinawapempha njerwa zija. Ndi za tchalitchi."

"Ndiye?"

"Ndiye anafunsa kuti n'zachiyani. Ndinawauza. Anafunsa kuti anthu akasamukira kuseri, m'nyumba mutsala malo angati."

"Inu n'kuyankha."

"Anandifunsa, mayi. Ndikananama kwa abusa?"

"Munati angati?"

"Chipinda chaching'ono awiri, pabalaza mmodzi, chachikulu..."

"Chachikulu n'chathu!"

"N'chathu, ee. Kungoti Lachinayi kukufika Beatrice, namwino watsopano, ndi mnzake. Awo chipinda chaching'ono. Koma Beatrice akubwera ndi mayi ake, odzamuperekeza. Ndi achikulire, ali ndi shuga. Munthu wotere angagone pansi, ife tili pabedi? Anthu adzati chiyani?"

"Ndiye ine?"

"Kukhoma. Malo anu omwe aja, simusuntha n'komwe."

"Inu?"

"Pasofa. Koma tsopano ndekha, popanda Rapson. Kusintha kulipo ndithu."

"Mpaka liti?"

"Sabata ziwiri zokha. Abusa atsimikiza."

"Annet ndi Helen anabwera sabata zingati?"

A Dixon anatsegula kakope kuti aone, koma anakatseka okha asanapeze tsamba. Nkhunda inatera padenga la motahomu, inayendayenda, n'kuuluka. Enifa sanakuwe. Ukali wake unali utadutsa pokuwa, unafika paja munthu amayamba kulankhula mofatsa ngati akupereka lipoti la wodwala kwa dokotala.

"Tsegulani kakopeko. Tsopano lembani."

"Ndakonzeka."

"Chachikuluchi tigula."

"Tigula."

"Alendo onse, akale ndi atsopano, akhale m'nyumba. Ndawapatsa, ndi mapoto omwe. Ogona muno ndife."

"Ife awiri? Ndiye kuti malo anayi atsala opanda anthu. Abusa akandifunsa..."

"Achotsedwe. Chipumichi achigwetse, tebulo alizule. Litsale bedi limodzi."

"Bedi limodzi. Khitchini?"

"Lichepe. Munthu akaona mapoto akuluakulu amakhala pansi n'kuvula nsapato."

"Lichepe. China?"

"Aikemo injini. Matayala apope. Lachinayi, Beatrice ndi mayi ake akamalowa khomo lakumaso, ife tikutulukira kuseri."

"Nanga laisensi yanga? Munanena nokha, matani atatu ndi theka."

"Achidule."

"Adule galimoto?"

"Adule mpaka ilingane ndi laisensi yanu."

A Dixon analemba zonsezo osaphonya. Anachotsera apa, anaphatikiza apo, anajambula kabokosi, anafufuta, anajambulanso kena kocheperapo. Enifa anapinda manja n'kumawayang'ana. Pomaliza anakweza mutu, nkhope ili ndi mantha a munthu amene watulukira chinthu chachikulu.

"Mayi, bedi limodzi, kakhitchini, injini yoyaka, mamita osapitirira asanu. Chimene mwanenachi chilipo kale."

"Zoona?"

"Ndi kobiriwira kaja."

"Aa! Ine osadziwa."

Anabwerera, a Dixon patsogolo, akuyenda mofulumira. Atafika analowetsanso mutu, tepi kwee, pakuti munthu ameneyu sakhulupirira muyeso wa mphindi makumi awiri zapitazo.

"Mita imodzi ndi masentimita khumi."

"Silinakule."

"Anthu awiri sangagonepo popanda ku..."

Mawu anathera pomwepo. Anayang'ana bedi, anayang'ana mkazi wawo, anayang'ananso bedi. Pensulo inagwa pakhutu n'kugubuduzikira pansi pa galimoto, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni sanaitole.

"Ooo," anatero.

"Ee," anatero Enifa.

"Ndiye paja munkati mwaona..."

"Ndinaona, bambo. Ndinaona mwezi watha, pachithunzi."

A Dixon anatsokomola, anakonza kolala, n'kuzungulira kutsogolo kuti aone malo a dalaivala. Anatsegula chitseko, ndipo nkhope inasintha. Pakati pa mpando wa dalaivala ndi wa pasenjala panali kampando kena kopapatiza, ndi lamba wake. Tepi inatulukanso.

"Masentimita makumi anayi."

"Zisiyeni, a Dixon."

"Azakhali ndi makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Ndinawayeza tikuwagulira mpando wa kubafa."

"A Dixon, chonde."

"Akhoza kukwanapo. Ndipo akadzandifunsa ngati pali malo, ine kunama sinditha."

Enifa anatseka maso. Basi, zatha, anaganiza, ndi Barmouth yemwe tikamuona tili atatu. Anamva tepi ikubwerera m'chikho chake, thwa! Anamva akuiika m'thumba. Kenaka dzanja linamugwira pachigongono, pabwalo la eni, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona.

"Mayi, Chingerezi chanu n'chofulumira kuposa changa," ananong'ona a Dixon, akukodola Mzungu uja ndi dzanja linalo. "Tamufunseni, kodi palibe kena kakang'ono kuposa aka?"